Ng'ombe yokulira m'khola la mbuzi

Fungo la mkaka wa mbuzi wofunditsa pamoto limandibwezabe kwathu ku Maseya, chaka chimene ndinali m'sitandade 3. Chinali chilimwe chenicheni, nthawi imene dothi la kuchigwa limang'ambika ngati zidendene za munthu woyenda wopanda nsapato, nkhuku n'kumangokhala kukamwa yasa pansi pa nkhokwe. Kumtunda msipu unali utapserera, moti ng'ombe za m'mudzi monse zinkakadyera kumunsi, m'mphepete mwa dambo la Shire.

Bambo pomwalira anatisiyira ng'ombe imodzi yokha, imene inkakhala m'khola la amalume, achimwene awo a amayi. Nthawi yotola thonje ng'ombeyo inadwala itangobereka, n'kufa, kusiya kamwana kakakazi kosatha n'kuima bwino. Amayi anakatengera kunyumba pa wilibala, ndipo tinakatcha Masiye. Ntchito yomuyamwitsa inali yanga. Ndinkasakaniza mkaka wa mbuzi ndi phala losefa la mapira m'botolo, iye n'kumakoka mpaka thovu kuyenderera m'mikono mwanga. Ankagona ndi mbuzi, ankakwera pachulu ngati mbuzi, ndipo ndikamapita kumjigo ankanditsatira, akundinyambita m'khosi ndi lilime lake lokhakhala.

Kutentha kutafika pachimake, amalume anabwera kudzamuona. Anamuyang'ana nthawi yaitali Masiyeyo akubudula masamba a masawu pakati pa mbuzi, kenako anapukusa mutu.

"Mlongo, ichi si ng'ombe, si mbuzi," anatero amalume. "Ng'ombe yosadziwa zinzake chilombo chimayambira yomweyo. Akapanda kulowa m'gulu mvula isanagwe, ndikuitanirani wopha nyama wa ku Nchalo, mupezepo kenakake asanatayike."

"Achimwene, ung'ombe uli m'magazi," anayankha amayi. "Akumbukira yekha."

"Magazi okha sakwana. Mwamulera ndinu."

Kuyambira tsiku limenelo, ndikaweruka kusukulu ndinkatsetsereka ndi Masiye kupita kudambo kumene amalume ankadyetsa ng'ombe zawo. Sizinamulandire. Panali ina yaikulu yothyoka nyanga imodzi, imene ikangomununkhiza inkamugunda m'nthiti mpaka kudzandira. Masiye ankathawira kwa ine n'kubisa mutu m'diresi langa. Ndinkamukankha, kumukalipira, tsiku lina ndinamukwapula ndi bango ndikulira, koma ankabwererabe. Madzulo aliwonse mitambo inkaunjikana pamwamba pa mapiri a Thyolo. Kutchalitchi anthu ankapempherera mvula, ine chamumtima ndikupempha kuti ichedweko.

Nyengo yomweyo kunabuka agalu opanda mwini. Njala inawasonkhanitsa m'mabango, ndipo anali atagwira kale mbuzi m'midzi yoyandikana nafe. Amayi ankandichenjeza kuti ndisamatalikirane ndi amalume.

Tsiku limene anatipeza, mpweya unali tsoo, kukununkha utsi wa mabango owotchedwa. Amalume anali chapatali, akudula mitengo yokonzera khola. Ine ndinakhala pamthunzi wa mgwalangwa, Masiye akudya yekha pakati pa ine ndi gulu. Mwadzidzidzi ng'ombe zonse zinadzutsa mitu. Popanda wozikusa zinathinana pamodzi, ana ake n'kulowa pakati, zazikulu n'kuloza nyanga kunja. Ndipamene ndinawaona agaluwo akutuluka m'mabango, owonda, mitu ili pansi, osauwa n'komwe.

Masiye akanathamangira kugulu akanafika. Koma anatembenuka n'kuthamangira kwa ine, agalu ali pambuyo pake. Ndinaimirira ndi kabango kanga. Atatsala pang'ono kundifika, galu wina wofiira anamuluma mwendo wakumbuyo, Masiye n'kugwada.

Kenako analira. Sikunali kulira kopempha mkaka kumene ndinkakudziwa. Kunali kulira kwakuya, kotalika, kong'amba m'mimba, kumene sindinamumvepo chibadwire chake. Nthaka inayamba kugunda pansi pa mapazi anga. Yothyoka nyanga ija ndiyo inali patsogolo, mchira uli m'mwamba, zinzake zili pambuyo, zikubangula. Ndinangodzigwetsa pa Masiye n'kutsinzina. Ndinamva galu akulira kwee, fumbi likundilowa m'kamwa, mpweya wotentha wa ng'ombe ukundiwomba pamsana. Nditatsegula maso ndinaona miyendo yokhayokha itatizinga mbali zonse. Agalu anali atabalalika.

Amalume anafika ali wefuwefu, chikwanje m'manja. Anazipatula ng'ombezo, n'kundinyamula, kundipapasa mutu ndi mikono. Ataona kuti ndilibe bala, anagwada kuyang'ana mwendo wa Masiye. 

"Zamumva," anatero chapansipansi. "Kulira kumeneku sanaphunzire kwa mbuzi."

Kunyumba anatsuka balalo ndi madzi a mchere. Amayi atamva nkhani yonse sananene kuti ananeneratu. Anangondikumbatira mwamphamvu, n'kuuza amalume kuti, "Komabe anathawira kwa mwanayu." Amalume anavomera ndi mutu. Mvula inagwa sabata yotsatira, ndipo za wopha nyama sizinatchulidwenso.

Ine masiku amenewo ndinkakhulupirira kuti ng'ombezo zinkamukonda Masiye mobisa, ndipo tsiku lija zinangoulula. Choncho ndinakhumudwa kwambiri bala litapola, nditaona yothyoka nyanga ija ikumugundanso m'nthiti ngati palibe chinachitika. Ndinaiona ngati yachinyengo. Pano ndikudziwa kuti ng'ombeyo sinkamukonda, ndiponso sinamunamize. Kulira kuja Masiye anabadwa nako, monganso ng'ombezo zinabadwa zosatha kukumva n'kukhala chete, kaya wolirayo ndi mwana wa yani. Koma kothawira zinthu zikavuta mwana amachita kuphunzira kwa omulera, ndipo ife tinamuphunzitsa kuthawira kwa kamtsikana kogwira bango. Masiye anakalamba akudyera m'mphepete mwa gulu. Ana amene anabereka anakulira pakati penipeni, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ankandidziwa.