Madzi Otumphuka Pansi ku Kamushanga

Amayi Fortunate Njovu ndi telala wa pamsika wa Katondo ku Kabwe, ndipo pakamwa pawo pamathamanga kuposa makina awo. Anabadwira ku Bwacha. Bambo awo anachoka ku Petauke, kum'mawa kwa dziko, kudzagwira ntchito ya njanji, osabwereranso kumudzi. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu amayiwa anakhala m'nyumba za lendi, kumangosamuka makina ali pamutu mwini nyumba akadzuka ndi nkhope yoipa. Amuna awo a Samuel atamwalira, anaphatikiza penshoni ya malemuwo ndi zomwe anasunga posoka mayunifolomu a sukulu, nalumbira kuti kusamuka kotsatira kudzakhala komaliza.

Nyumba anaipeza ku Kamushanga mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mwini wake anali Ba Mwila, Mbemba wa imvi amene kale ankagwira ku mgodi. Tsono vuto linagona pomwepo. Ku Kabwe Mbemba ndi munthu wa kum'mawa akakumana sapatsana moni wabwinobwino. Amanyozana mwachimbuya, chibale cha nthabwala cha mitundu iwiriyi, ndipo amene wakwiya ndiye chitsiru.

"Nyumbayi ilibe vuto, inu akuba a Chibemba?" anafunsa amayi Njovu akusuzumira m'zipinda.

"Vuto? Mu Januwale mukagule bwato, mayo," anayankha Ba Mwila. "Mbewa zanu mumadya zija zidzaphunzira kusambira."

Amayi anaseka mpaka kutsamira khoma, khoma lomwe linali ndi penti yatsopano kulekeza m'mawondo. Analipira, nasaina, nasamuka akuimba nyimbo za kwaya.

Januwale atafika, denga silinadonthe ngakhale pang'ono. Madzi anatumphuka pansi, m'ming'alu ya simenti, n'kudzaza nyumba yonse kulekeza m'zikhadabo za kumapazi m'mawa, masana afika m'akakolo. Nsalu za mayunifolomu zinanunkha nkhungu. Amayi anakhala pamwamba pa tebulo, mapazi ali lendelende, nalira ngati mwana. Zinawapweteka zedi, chifukwa nyumbayo inali thukuta la a Samuel.

Mwana wawo Cynthia anabwera ndi nzeru: adikire Okutobala, apake penti, agulitse mwakachetechete.

"Ndigulitse kwa ndani? Kwa wamasiye mnzanga?" anatero amayi. "Nyumba iyi sindichokamo, iwe."

Lolemba anakwera minibasi kupita ku ofesi ina m'tauni kumene maloya amathandiza anthu osalipiritsa. Anapeza loya wachitsikana dzina lake Miyoba, Mtonga wofatsa, wosaseka wamba. Miyoba anawerenga pepala logulira nyumba, naona zithunzi za madzi pafoni, kenako anafunsa ngati wogulitsayo ananenapo kanthu za madzi.

Amayi Njovu kunama sakanatha, poti dzulo lake anali atalandira ukalistiya. Anafotokoza za bwato ndi mbewa.

"Ndiye kuti anakuuzani, amayi?"

"Anandinyoza, mwana wanga. Kuuza munthu ndi kwina."

Miyoba anabisa kamwa ndi dzanja, koma mapewa ankagwedera. Atapuma anati pepala likunena kuti nyumba ilibe vuto lodziwika, ndipo zimenezo zili kumbali yawo, koma nthabwala ijayo mkuluyo adzaikokera kwake. Kukhoti mlandu ungathe mvula ziwiri. Bwino amuitane kaye ndi kalata, ndipo amayi apeze woyandikana nawo wodziwa mbiri ya nyumbayo.

Patsiku lokumana, Ba Mwila anafika atavala jekete, akumwetulira ngati mkwati. "Ba loya, ine ndinanena poyera. Kodi ndi mlandu wanga kuti anthu a kum'mawa makutu anawasiya ku Petauke?"

Miyoba anawerenga umboni wa Tracy, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, woti chaka chilichonse mu Seputembala Ba Mwila ankapaka penti m'munsi mwa makoma, ndipo chaka chogulitsacho anapaka kawiri. Kumwetulira kuja kunayamba kuchepa.

Apo amayi Njovu anaika chikwama pansi. "Ba Mwila, chimbuya ndikuchidziwa, ndinakuliramo. Tsiku loika amuna anga, amene anakumba manda mvula ikugwa anali Abemba a ku tchalitchi kwathu. Ankatinyoza, inde, koma fosholo ili m'manja. Inu munadziwa kuti ndikaseka sindifunsanso kachiwiri. Munandiseketsa dala."

Mkuluyo anavomera kukumba ngalande kuzungulira nyumba mpaka kumsewu, ndi kukweza pansi ponse ndi simenti yatsopano Novembala asanafike. Miyoba analemba, onse anasaina.

Potuluka, Ba Mwila anaima pakhomo, chipewa chili m'manja. "Amayi Njovu, ndinakulakwirani. Mundikhululukire."

Chibadwire amayiwa anali asanamvepo Mbemba akuwalankhula mwaulemu chonchi, ndipo zinawachititsa chisoni kuposa madzi aja. Munthu wamkulu, wa imvi, kuima ngati mlendo pamaso pawo. Misozi inalengeza.

"Valani chipewa, wodya anyani inu," anatero amayi. "Mawa ndikuoneni ndi fosholo. Tiyi ndikuphikirani, koma shuga mubwere naye."