Magalasi a Bamalume

Ndinanama pa maliro a bamalume anga, ndipo bodza lake linali la magalasi.

Ndimagwira ntchito mu ofesi ya fakitale ina kuno ku Kafue. Mufoni mwanga muli pulogalamu yolembamo zoti ndichite, chilichonse m'gulu lake: za ku ofesi, za kumsika, za ku Shimabala. Ukatsegula gulu limodzi, ena onse amabisika. Ndinkanyadira nazo zimenezi, mpaka kumaphunzitsa anzanga.

Tsiku lina bamalume, amene anandilera, anandiimbira kuchokera ku Shimabala. "Mwana wanga, maso yasila. Nikangiwa kuwerenga nyimbo mu tchalitchi. Unigulireko magalasi ya pa maketi."

Ndinalemba pomwepo m'gulu la Shimabala, n'kubwerera ku la ofesi. Ndinakhala m'menemo miyezi itatu. Ndisaname kawiri: sindinaiwale kuti gulu lija lilipo. Kungoti za ku ofesi zinkatha msanga, ndipo ndinkakonda kuona mndandanda uli mbee.

Titaika maliro, akazi awo anandipatsa buku lawo la nyimbo. "Anali kukamba ati uzabweretsa magalasi," anatero.

"Yanasila pa maketi, ba anti," ndinayankha, ine amene ndimadutsa pa tebulo la magalasi m'mawa uliwonse. Iwo anandigwira dzanja, n'kundithokoza chifukwa choyesetsa.

Pobwerera, ndili mu minibasi, ndinatsegula gulu la Shimabala. Munali mzere umodzi wokha. Pulogalamuyo imalola zinthu ziwiri: kuchonga kuti ndachita, kapena kufufuta. Mzerewo ukadali pomwepo mpaka lero.