Zaka Zisanu ndi Injini ya ku Halale

Ndinachoka ku Lobi titangokolola nyemba, nkhondo ya Jeremani isanayambe. Mkazi wanga, Nangozo, anali woyembekezera, ndipo nsalu anali nayo imodzi yokha. Ndinamuuza kuti ndikagwira ntchito chaka chimodzi ku Halale. Sanakane. Anangondikazingira chimanga cha panjira.

Tinayenda pansi anthu asanu ndi mmodzi, kudzera ku Tete. Titafika tinabalalika, ine n'kulembedwa pa famu ya mzungu wina, kutali ndi tauni. Kumeneko kunali chimakina cholimira chomwa mafuta akuda, kholo la awa lero mumati mathirakitala. Woyang'anira chimakinacho anali a Zuze, mkulu wa Chisena amene anagwirapo m'sitima za pa Zambezi. Pa famu yonse, iwo okha ndiwo ankamva chilankhulo changa.

A Zuze anandiphunzitsa kumvetsera injini. Ankati pampu iyenera kulavula mafuta pa nthawi yake. Ikafulumira, injini imagogoda ngati munthu akusula khasu. Ikachedwa, imafuka utsi wakuda, kutentha, n'kulephera kukoka pulawo. Koma sipanala sankandigwiritsa.

Chaka chachiwiri a Zuze anadwala chifuwa n'kumwalira, mvula ili pafupi. Injini inayamba kufuka, ikafika pa mtunda n'kuima. Mzungu anati ikapanda kulima sabata imeneyo, tonse a kumunda atichotsa. Ndinaizimitsa, n'kuzungulitsa gudumu lake lalikulu mpaka pa chizindikiro chimene a Zuze anadinda. Ndinamasula nati, n'kusuntha kachitsulo kokankha pampu pang'ono chabe, ngati kunenepa kwa chikhadabo. Koyamba ndinapitirira muyeso, inagogoda moti anzanga anathawa. Ndinabwezako pang'ono. Kachitatu inalira bwino, utsi unayera, pulawo n'kulowa m'nthaka.

Mzungu anandiwonjezera malipiro, koma chitupa changa choyendera anachitsekera m'bokosi lake. Chaka chilichonse ndikapempha kupita kwathu ankati, "Nanga injini aiona ndani?"

Ngakhale lero sindikonda Lamulungu masana. Anzanga a Chishona ankapita kwa abale awo, ine n'kutsala m'shedi, kupukuta zitsulo zoyera kale. Nthawi zina ndinkayankhula ndekha mokweza, kuti ndingomva mawu a kwathu. Kawiri ndinatumiza nsalu ndi ndalama kudzera mwa anthu obwerera ku Dedza. Kalata ndinalandira imodzi, yolembedwa ndi mphunzitsi wa ku mishoni: kwabadwa mwana wamkazi, dzina lake Marita.

Pomaliza ndinachita zimene a Zuze sanachite. Ndinaphunzitsa Mshona wina ntchito yonse, osabisa kanthu. Atachuna injini yekha mzungu akuona, chitupa changa chinatuluka. Ndinagula bulangete, mchere, ndi kadiresi kofiira ka mwana wa zaka zinayi.

Ndinafika ku Lobi m'nyengo yozizira, nkhungu itaphimba mapiri. Amuna ambiri anali atatengedwa kukasenza katundu wa nkhondo. Amayi ankabwera mmodzimmodzi kudzafunsa ngati ndinaonako amuna awo ku Halale. Ndikayamba kufotokoza za injini ankangovomera mwaulemu, n'kutsanzika.

Nangozo anandilandira atagwada, monga alandirira mlendo. Nkhokwe inali yodzaza, denga lofolera bwino, zonse popanda ine. Nditatulutsa kadiresi kaja, anakayang'ana nthawi yaitali.

"Kalata yachiwiri simunalandire?" anafunsa. "Marita tinamuika chaka chatha. Chikuku."

M'mawa mwake anandiperekeza kumanda. Ndinamufunsa kuti mwanayo anali wotani. Anati anali wolongolola, ndipo aliyense wodutsa ndi katundu pamutu ankamuthamangira kukamufunsa ngati akuchokera ku Halale.

Kadiresi kaja Nangozo anapatsa mwana wa mng'ono wake. Kanamukwana bwino. Tsiku lililonse ankadutsa nako pakhomo pathu popita kumadzi, mpaka kanang'ambika.