Ndinalira Mwamuna Wanga Ali Moyo

Filimu imene ndinaseweramo sinatuluke. Imene inatuluka ndi ina, yofotokoza mmene yoyambayo inagwera, ndipo imeneyo ndiyo inandilanda mwana.

Nthawi imeneyo tinali kunja kwa dziko lathu, ine ndinkachapa ndi kusita m'mafulati a ku Sea Point, mwamuna wanga akusamalira maluwa ku Table View. Mwana wathu wamkazi tinamusiya kwa apongozi ku Mzimba. Tsiku lina kutchalitchi kunamveka kuti azungu ena akujambula filimu ndipo akufuna anthu odziwa kulira maliro. Ife kulira sitichita kuphunzira. Tinapita gulu lonse, zitenje m'chiuno, mipango kumutu.

Anali atamanga kamudzi ka matabwa pabwalo lina ku Maitland. Munthu woti agone m'bokosi sanabwere, ndiye anafunsa ngati alipo angalowemo. Amuna onse anazolika. Wanga yekha, ndi nthabwala zake zosatha zija, anayamba kuvula nsapato. Ndinamukoka malaya.

"Bambo a mwana, amenewo ndi malodza."

"Iwe, ndi acting chabe," anatero. "Pamene ndikugona masana, abwana osandikalipira!"

Poti ndinali mkazi wake, anandikhazika kumutu kwa bokosi. Tinaimba nyimbo zenizeni za pamaliro, popeza zabodza sitizidziwa. Ndinalira mpaka mawu kusasa. Mkulu wojambulitsa akakuwa kuti basi, mwamuna wanga ankadzuka n'kupempha tiyi, ife n'kufa nako kuseka. Mayi wina wa kamera yaing'ono ankajambula zonsezo, koma sitinamulabadire.

Kenako zinthu zinasokonekera. Chimphepo chinagwetsa kamudzi kaja, mkulu uja anakangana ndi eni filimu, wosewera wamkulu anakwera ndege osatsazika. Ife anangotiuza kuti tisabwerenso.

Nyengo yozizira itafika, chifuwa chinamutenga mwamuna wanga. Ndinaperekeza thupi kumudzi, koma ulendo wa pamsewu unandiumitsa, moti pamaliro misozi inali yochepa. Anthu anaona. Ndinabwerera kuntchito titagwirizana ndi apongozi kuti mwana akatsekera sukulu ndidzamutenga.

Sukulu isanatsekere, filimu ya mayi wa kamera uja inatuluka. Ndinaionera pafoni ya mnzanga. Azungu akulozana zala kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ife tikuoneka kanthawi kosakwana n'kumwa tiyi komwe. Koma wina anadula kachigawo komweko n'kukatumiza kumudzi. Amene anachita zimenezo sindinamukhululukire.

Anandiimbira foni ndi alamu anga, akulu ake a malemu.

"Mlamu, mng'ono wanga munamulira ali moyo, ndipo munalira bwino kuposa pamaliro ake enieni. Mwana sachoka pano."

Ndinafotokoza, ndinachonderera, pomaliza ndinalalata. Kwathu ku Dowa mwana ndi wa kuchikazi, koma kwawo analowola, ndiye mawu anga analibe poima. Ndinatuma akulu a mpingo, anakabwerako chimanjamanja.

Patapita miyezi anandilola kulankhula ndi mwana. Mawu ake anali atakula, ndipo mtima unandiwawa.

"Amama, ndinaiona."

Ndinayamba kumuuza kuti linali sewero, kuti bambo ake analowamo okha.

"Zolirazo ndamva," anandidula. "Koma munkasekeranji?"

Ndinali chiimire m'bafa la abwana, burashi m'manja. Anadikira pang'ono, kenako ndinamumva akuuza agogo ake kuti wamaliza.