Chingerezi Chimene Anayankhula pa Bokosi la Amayi

Ndinadzuka kusanache, pamphasa pafupi ndi khomo la chipinda mmene munali thupi la amayi. Azimayi a kutchalitchi anali ataimba usiku wonse, mawu atawathera, moti ankangoimbira m'munsi. Panja amuna ankawodzera pamipando yobwereka kusukulu, moto utasanduka makala. Kuseri kwa nyumba atsikana anali atayamba kale kupeta mpunga ndi kutereka madzi m'migolo. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo ngakhale m'bandakucha mpweya unali wofunda.

Tinkadikira bokosi. Loyamba linafika dzulo lake koma linachepa. Amayi anali athupi kuyambira kale, ndiye matenda a impso anawatupitsa kwambiri. Miyezi yomaliza ankakana alendo, ankati anthu asawaone choncho. Ndine ndinkawasambitsa, ndipo ndikudziwa manyazi amene anamwalira nawo. Bokosi latsopano linabwera pangolo dzuwa likutuluka, lotakata mwakuti linakanika kulowa pakhomo la chipinda. Anachita kuchotsa chitseko ndi felemu yomwe. Aliyense anaona, koma palibe amene anatchulapo kanthu. Anthu a kwathu ku Wovwe amadziwa pokhalira chete.

Amayi anaphunzitsa Chingerezi pasekondale yoyendera mpaka kupuma ntchito, ndipo kunyumba sankaweruka. Ankatiuza kuti ife tikati "wamkulu" zakwanira njovu, bwana ndi mkulu wako yemwe, koma Chingerezi chinagawa ntchitoyo. "Big" ndi la tsiku ndi tsiku. "Large" ndi la malaya kapena munda, chinthu choti ungachiyeze. "Huge" ndi "enormous" ndi za chinthu chokula mopitirira, choti wochiona adzidzimuke. "Massive" ndi la thanthwe, cholemera chosasunthika. Ukafuna kulemekeza munthu pa zimene anachita, umati "great". N'chimodzimodzi pa kuchuluka. "Plenty" ndi mpunga wa chaka chabwino, pomwe "too much" ndi dandaulo. "Crowd" ndi khamu, koma "mob" ndi gulu lolusa, lija lothamangitsa wakuba pamsika. Ankati mawu amenewa ali ngati ana a mimba imodzi, nkhope zofanana koma mitima yosiyana.

Kutacha anthu anayamba kufika. Ena anabwera pa njinga kuchokera ku Mlare, ena pa lole kuchokera ku Ngara atanyamula nsomba zothandizira ndiwo. Panali anamwino, apolisi, oyendetsa minibasi, ambiri a iwo ana a sukulu a amayi akalekale. Bambo wina wa ku Mangochi wogulitsa nsalu anatseka sitolo n'kudzakhala pansi pa mtengo wa mango, atavula nsapato. Mithunzi inatha, ochedwa anakhala padzuwa.

Mwambo unayenera kuyamba m'mawa, koma achimwene anga, amene amakhala ku Mzuzu, anati tidikire mlendo wolemekezeka. Anali munthu wamalonda wa ku Lilongwe amene akufuna kudzaima pa uphungu kuno. Akuti nayenso anaphunzitsidwapo ndi amayi, ngakhale ine dzina lake sindinalimvepo m'nyumba mwathu. Tinadikira mpaka dzuwa linafika paliwombo. M'chipinda munatentha, azimayi akukupiza bokosi ndi zitenje. Abusa anatuluka kangapo kukayang'ana kumsewu. Mlendoyo atafika, magalimoto ake analowa mpaka pabwalo, fumbi n'kugwera m'mabeseni a mpunga.

Bokosi analitulutsa pabwalo, mwambo n'kuyamba. Amalume anayankhula m'Chitumbuka, mwachidule. Woimira aphunzitsi opuma anayankhula m'Chichewa. Kenako mlendo uja anatenga chimkuzamawu nayamba Chingerezi. Mkulu wa mpingo anaimirira kuti azimasulira, koma iye anamukhazika pansi ndi dzanja, ati nthawi yatha. Nthawi imene anaitha yekha.

Anayamba ndi kuthokoza "this mob" yomwe yabwera. Anati amayi anaphunzitsa ana "too much". Ndinaweramitsa mutu. Kenako anatembenukira kubokosi, nalitambasulira dzanja. Anati pano pagona "a big woman". Anaona ngati liwulo lachepa, nawonjeza kuti "a huge woman". Anapumira, kudikira kuti anthu avomere, nakweza mawu: "an enormous woman, a massive woman". Ankakwera mawuwo ngati makwerero, poganiza kuti pamwamba pake pali ulemu. Dzanja lake linali likulozabe bokosi lija.

Kumbuyo, kumene kunaima ana a sekondale, wina anaphulika kuseka, mnzake namutseka pakamwa. Namwino wina anaphimba nkhope ndi mpango. Mphunzitsi wokalamba amene anagwira ntchito ndi amayi anayang'ana pansi, akupotokola chipewa chake. Agogo ambiri sanamve kanthu, anangogwedeza mitu mwaulemu, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa kusekako.

Ndinayamba kudzuka. Alamu anga, akazi a achimwene, anandigwira chitenje n'kundikokera pansi. "Pamaliro pano," anandinong'oneza. Ndinakhala. Munthu uja anapitiriza za milatho ndi zitsime zimene adzabweretse, ndipo dzina la amayi silinabwerenso m'kamwa mwake.

Tinanyamuka kupita kumanda dzuwa litapendeka pang'ono. Njira imadutsa m'mphepete mwa minda ya mpunga, ndipo pamzere wopapatiza onyamula ankasinthana pafupipafupi, thukuta likuyenderera. Amene amayi anawaphunzitsa ankalimbirana kugwira bokosi. Kamphepo kotentha kanauluza nkhata imodzi, mayi wina anaitola n'kuipukuta ndi nsonga ya chitenje. Okumba manda anali atakulitsa kale dzenje osauzidwa ndi munthu. Anatsitsa bwinobwino, abusa anapemphera, tinaponya dothi. Pamenepo ndinalira, ndipo kwa kanthawi ndinamuiwala munthu uja.

Titabwerera mlendo uja anadza kudzatsanzika ife ofedwa, wina akumujambula pa foni. Anandigwira dzanja ndi manja onse awiri.

"Pepani, mama. Mawu anga aja mwawamva?"

"Ndawamva, bambo. Liwu munkalifuna lija ndi great."

Anamwetulira. "N'chimodzimodzi, mama. Onsewo amatanthauza kukula."

"Mukanakhala kuti munakhaladi m'kalasi mwawo, simukanatero."

Anasiya dzanja langa napita kwa wotsatira. Achimwene anandikokera kuseri kwa khitchini, nkhope itada. Anati ndawachititsa manyazi pamaso pa munthu amene wasiya ntchito zake kudzatilemekeza. Ndinawafunsa ngati analimva liwu limene mlendo wawo anatchula akuloza mayi wawo. Anati analimva, koma munthu umamuyang'ana mtima, osati galamala. Ndinati mtimawo ndinauyang'ana, unali ku mavoti. Anandisiya pomwepo, ndipo madzulo anakagona kwa apongozi awo osanditsanzika.

Pofika chisisira bwalo linali litayera. Anyamata anabweza mipando kusukulu, migolo inavundikiridwa, phulusa likufukabe. Chitseko cha kuchipinda chinali chotsamiritsa pakhoma, chikudikira kalipentala. M'nyumba tinatsala azimayi ochepa ogonera. Pakona panakhala amama aakulu, mkulu wawo wa amayi, amene sukulu sanapiteko chifukwa ndiwo ankalima kuti mng'ono wawo aphunzire. Anandiitana ndi dzanja ndipo ndinakhala pamapazi awo. Anandifunsa m'Chitumbuka kuti bwana wa magalimoto uja ananena chiyani za mng'ono wawo, poti anayankhula nthawi yaitali ndipo iwo sanatolepo ngakhale liwu limodzi.

Ndinayang'ana manja awo. Ndinali nditasunga mkwiyo tsiku lonse ndipo ndinkafuna wina woti andithandize kuusenza. Koma akanati adziwe, akanagona nazo mpaka tsiku lawo lomaliza.

"Anati anali munthu wamkulu, amama."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Basi? Nthawi yonse ija?"

"Anangobwerezabwereza zomwezo."

"Bwanayo wanena zoona," anatero. Anakonza mpango wawo, natsamira khoma, natseka maso. Ine ndinadzuka kukatunga madzi oti asambe.