Pusi Wanga ndi Utsi wa Alamu

Pusi ameneyo ndinamutola ali kamwana, agalu atapha amake kumunda kwathu ku Luembe. Mwamuna wanga anali ku migodi, ana anali ang'onoang'ono, ndipo chimanga chikayamba kukhwima anyani ankatsika m'mapiri ngati achita kuitanidwa. Munthu mmodzi sangalinde munda, kutunga madzi ndi kusinja nthawi imodzi. Choncho ndinamuphunzitsa ntchito. Ndinkakhala naye pa nsanja yolindira, anyani akaonekera ine n'kumenya chitini ndi kamtengo, kenako n'kumupatsa mtedza. Poyamba ankangofuna mtedzawo. Koma dzinja lisanathe anagwira nzeru: akaona nyani m'mphepete mwa munda, ankamenya chitinicho mpaka ine kumva ndili kumtsinje. Anthu ankandiseka kuti ndalemba ganyu nyama yakutchire, koma nkhokwe yanga inkadzaza.

Mng'ono wanga anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Kaumbwe, ndipo monga mwa mwambo wathu mwamunayo anadzamanga pamudzi pathu. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene wopanda khadi sankalowa mumsika. Alamu angawa anali wapampando wa achinyamata a chipani, ndiye ankayenda mapewa ali m'mwamba. Khasu ankaliopa, koma chamba ayi. Posuta ankabisala pa nsanja yanga ndi anzawo, ndipo masewera awo anali ogwira pusi wanga, kumuvindikira ndi thumba n'kumauziramo utsi. Iye akamadzandira, iwo n'kumafa nacho chiseko. Ine sindinkadziwa kanthu.

Ndinangoona kuti mnzanga wasintha. Anyani akabwera, pusiyo ankatola kamtengo mochedwa n'kumangokayang'ana. Nthawi zina ankamenya chitini popanda nyani, ine n'kusiya mtsuko kuthamangira pachabe. Tsiku lina masana ndinatulukira kumunda mwadzidzidzi n'kuwapezerera, thumba likufuka utsi. Ndinawabalalitsa ndi mpini, koma madzi anali atatayika kale. M'mawa mwake anyani analowa ndili kumtsinje. Anathyola mbali yonse ya kumtunda, pusi ali phee pa nsanja, kamtengo kali m'manja.

Madzulo a tsikulo alamu anafika pakhomo panga ndi anyamata awo ndi agalu.

"Alamu, nyama yanu yaonongetsa chakudya," anatero. "Chipani sichifuna anthu osunga vilombo pamudzi. Tipatseni tikaiphe."

Ndinanyamula pusiyo, n'kumubereka kumsana ndi chitenje ngati mwana, n'kuima pabwalo.

"Alamu, dzulo ninakupezani muchita chani pa nsanja yanga? Kambani pano, anthu amvele."

"Mukamba na wapampando, amai. Khadi yanu tingailande."

"Landani," ndinayankha. "Upampando wanu ni wa kumsika. Pano ni pa amai anga, munda ni wanga, ndipo mkamwini asamakule mwendo. Ngati mufuna kupha wamene wadyetsa chimanga changa, yambilani uja anagwila thumba."

Anthu anali atasonkhana. Anyamata aja anazolika, mmodzi n'kuyamba kukoka agalu, ndipo anachoka osatsanzika. Khadi anandilandadi. Nthochi zanga zinaolera pakhomo chifukwa kumsika ankandibweza, ndipo mng'ono wanga sanandilankhule mpaka nthawi yokolola. Zinandiwawa, makamaka za mng'ono wangayo, koma sindinapepese, ndipo mpaka lero sindiona choti ndipepesere.

Ndinayesa kumuphunzitsanso pusi wanga, koma ntchito ija sinabwerere bwinobwino. Lero amenya, mawa aiwala. Chaka chotsatira munda ndinalinda ndekha, iye ali pambali panga akundifunafuna nsabwe m'mutu. Panali amayi ena okonda kundifunsa kuti bwanji ndikudyetsa nyama yosagwira ntchito. Ndinkawayankha kuti mng'ono wanga nayenso akudyetsa yake, koma palibe amene wapitako ndi agalu.