Dzina munandipatsa lija, Tikhale

Ababa, lero chakwana chaka chitisiyireni, ndipo ine ndikadali konkuno ku Katuli. Ndakumbuka tsiku lija tinkasoka fodya m'chigafa, ine nditabwera kutchuthi kuchokera ku koleji. Ndinakufunsani mwaukali kuti, "Koma ababa, mayina onsewa, n'kusankha Tikhale? Likumveka ngati la anthu osafuna kupita patsogolo." Munaseka mpaka kutsokomola, kenako munati, "Iwe sunathawepo nkhondo. Ife tinachoka ku Mozambique amako atasenza mphasa, ine mbuzi paphewa. Mtendere utabwera anzathu anabwerera, ine ndinati miyendo yanga yakwana. Utabadwa iwe ndinati uyu yekha asadzathamangitsidwe ndi munthu, tikhale." Ndinangoti, "Chabwino, koma ine ndiye sindikhala." Inu munati, "Soka fodyayo kaye, abwana."

Ababa, digiri ija ndinatenga. Sabata yatha anandiimbira foni kuti ntchito yapezeka ku Blantyre, ndikayambe mwezi ukubwerawu. Koma amayi dzanja ndi mwendo sizikugwirabe, achimwene ali ku Joni ndipo foni sayankha. Wowasambitsa ndi kuwatembenuza ndine ndekha. Ndikaona galimoto ikunyamuka kupita ku boma ndimawasiya amayi pakhonde n'kulowa m'nyumba msanga kuti asandione nkhope. Inu munakhala chifukwa munasankha, n'chifukwa chake dzinali linkakukomerani. Ine sindinasankhe, ababa. A ku Blantyre akufuna yankho mawa, ndipo amayi sindinawauze n'komwe kuti anaimba.